Mankhwala Osungunula Penti ndi Gilisi: Zimene Okonza Ndege Zazing'ono Angaphunzitse Amisiri a ku Mulanje

Ndege yaing'ono ikafika nthawi younikidwa, ntchito yoyamba imakhala kutsuka. Mng'alu wa pachitsulo suoneka ukakutidwa ndi gilisi, dzimbiri limabisala pansi pa penti, ndipo zomatira thanki ya mafuta sizigwira pamalo ponona. Madzi ndi sopo sizikwanitsa kuchotsa zonsezi, choncho amisiri amagwiritsa ntchito mankhwala amadzimadzi amene amasungunula mafuta, penti ndi guluu, kenaka n'kuuluka okha. Vuto lake ndi lakuti mphamvu imene imasungunula pentiyo ndi imenenso imawononga khungu ndi ubongo wa munthu, ndipo nthunzi yake ndiyo imakoka moto.

Ndege za m'Malawi zimakonzedwa makamaka ku Chileka ndi pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo ntchito zina zikuluzikulu zimatumizidwa ku South Africa. Komabe dera la Mulanje ndege zazing'ono limazidziwa. Dzina la Luchenza, tauni ya m'malire a Thyolo ndi Mulanje, lili m'mbiri ya ndege m'dziko muno chifukwa cha Luchenza Flying Club, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy atadula misewu ndi milatho, chakudya ndi mankhwala zinafika kumadera ena a Mulanje ndi Phalombe pa helikopita. Chofunika koposa n'chakuti mankhwala omwewo amene ali m'shedi ya ndege ali m'magalaja a pa Chitakale, pa Nkando ndi pa Limbuli, m'mawekishopu a m'maesiteti a tiyi, ndi kwa anyamata opopera penti mageti ndi mabedi achitsulo. Kusiyana kwake n'kwakuti wokonza ndege amakakamizidwa kudziwa zimene zili m'chitini, pamene mmisiri wa pamsika amangouzidwa kuti ndi thinner.

Mankhwalawa ndi ati?

Gulu lofatsirako ndi la mankhwala ochokera ku mafuta a pansi monga white spirit ndi palafini. Awa amachotsa oyilo ndi gilisi pa injini, sauma msanga, ndipo sagwira moto mofulumira ngati anzawo. Pali isopropyl alcohol, wopukutira komaliza. Kenaka pali acetone ndi methyl ethyl ketone, amene amisiri amangomutchula kuti MEK. Awiriwa ndi aukali, amauluka msanga, ndipo MEK ndiye wodziwika kwambiri pa ntchito ya ndege zokutidwa ndi nsalu komanso pokonzekera kumata matanki. Toluene ndi xylene amapezeka m'mapenti ndi m'thinner. Gulu lomaliza ndi la mankhwala okhala ndi chlorine, monga dichloromethane wa m'mankhwala osupula penti ndi trichloroethylene wotsukira zitsulo.

Thinner si mankhwala amodzi. Ndi msakanizo, ndipo wopanga aliyense amasakaniza mwa njira yake. Wotchipa amatha kukhala ndi methanol, amene amapha maso, kapena zotsalira zochokera ku mankhwala amene anagwirapo kale ntchito. Payeneranso kusamala ndi MEKP, madzi oumitsira fibreglass. Dzina lake likufanana ndi MEK, koma ndi mankhwala ena, ndipo kadontho kake kakagwera m'diso munthu atha kuchita khungu.

Mbiri yake

Ngozi ya mankhwalawa inadziwika ndege zisanakwanitse n'komwe zaka 15. Ndege zoyamba zinali za matabwa ndi nsalu, ndipo nsaluyo ankaipaka mankhwala otchedwa dope kuti ikungike ndiponso isalowe madzi. Ku Britain dope ameneyu ankasungunulidwa ndi tetrachloroethane. Mu 1914 antchito a m'mafakitale a ndege anayamba kudwala chikasu, ena n'kumwalira. Dokotala William Willcox atafufuza anapeza kuti nthunzi ya mankhwalawo ndiyo inkawononga chiwindi. Mu 1916 boma linalamula kuti aliyense wodwala chikasu chotere alembedwe, ndipo pofika 1917 mankhwalawo anachotsedwa mu dope.

Zimene zinatsatira zinali ngati kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe. Poopa moto, mafakitale anatembenukira ku carbon tetrachloride ndi trichloroethylene chifukwa sayaka msanga. Woyambayo anapezeka kuti amawononga chiwindi ndi impso. Atamusiya anthu anakonda 1,1,1-trichloroethane, amene anali wabwinoko m'thupi, koma iyenso anapezeka kuti amawononga ozone, mpweya wa kumwamba umene umatchinga ukali wa dzuwa. Carbon tetrachloride ndi 1,1,1-trichloroethane anaikidwa pa mndandanda wa pangano loteteza ozone la Montreal Protocol mu 1990, ndipo Malawi ali m'panganoli. Mu 2012 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika trichloroethylene m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mosakayikitsa, makamaka ya impso. Dichloromethane anapha anthu ambiri osupula penti m'zipinda zotsekeka, mpaka mayiko a European Union anagwirizana mu 2009 zomuletsa m'mankhwala osupulira penti, ndipo dziko la America linaletsa kumugulitsa kwa anthu wamba pa ntchitoyi mu 2019.

Nkhani yophunzitsa kwambiri pa za ndege inachitika ku Australia. Kwa zaka zoposa 20, asilikali ndi amisiri a pabwalo la Amberley ankalowa m'matanki a ndege zankhondo za F-111 kukachotsa zomatira zakale ndi kuikamo zatsopano. Ntchitoyi inaimitsidwa mu 2000 anthu atadandaula za kuiwalaiwala, zilonda za pakhungu ndi matenda ena. Kafukufuku wa 2001 anapeza kuti zovala zodzitetezera zinali zosayenera ndiponso madandaulo a antchito sankamvedwa. Izi zinachitika m'gulu lankhondo la dziko lolemera, lokhala ndi madokotala ake, ndiye tingaganize mmene zilili m'kashedi ka malata kopanda woyendera.

Zimene mankhwala olakwika amachita ku ndege

Buku la wopanga ndege limatchula mankhwala ololedwa pa chiwalo chilichonse, ndipo injiniya amene wasainira ntchitoyo amayankha mlandu ngati wagwiritsa ntchito ena. Zifukwa zake zimamveka. Mawindo a ndege zazing'ono ndi a pulasitiki ya acrylic. Acetone, MEK kapena toluene akawakhudza, ngakhale nthunzi chabe, amachita timing'alu ting'onoting'ono timene timanyezimira padzuwa, woyendetsa osaona bwino, ndipo windo lotere limafooka. Matayala, mapaipi a labala ndi zokutira mawaya zimafufuma kapena kuuma. Soda wotsukira injini za galimoto amadya aluminiyamu, ndipo akalowa pamene malata alumikizana, amapitiriza kudya mkati mosaoneka. Mankhwala ena osupula penti okhala ndi asidi amalowetsa hydrogen m'zitsulo zolimba za miyendo ya ndege ndi mabawuti, chitsulo n'kudzathyoka mwadzidzidzi chikuoneka chabwinobwino.

Nyengo ya ku Mulanje imawonjezera vuto lina. Kuno mvula ndi yochuluka ndipo mpweya umakhala wachinyontho, zimene zimafulumizitsa dzimbiri ndi kuchulukitsa ntchito yosupula ndi kupakanso. Mankhwala ouluka msanga amaziziritsa pamalo pamene apakidwa, chinyontho n'kusanduka timadzi pamenepo, penti n'kutuwa ndi kusagwira bwino. Opopera galimoto amazidziwa zimenezi nthawi ya chiperoni. Ena pofuna kuthana nazo amatseka zitseko zonse n'kuyatsa mbaula kuti mutenthe, ndipo pochita zimenezi amakhala asonkhanitsa nthunzi ndi moto m'chipinda chimodzi. Njira yoyenera ndi kudikira kuti kuche bwino, kapena kugwiritsa ntchito thinner wouma pang'onopang'ono amene wopanga pentiyo anavomereza.

Mmene amalowera m'thupi

Khomo lalikulu ndi mapapo. Nthunzi ikapumidwa imalowa m'magazi msangamsanga, ndipo popeza mankhwalawa amakonda mafuta, amathamangira ku ubongo ndi mitsempha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kuledzera ngati wamwa. Nthunzi ikachuluka amakomoka, ndipo ena mwa mankhwalawa amasokoneza kugunda kwa mtima. Dichloromethane ali ndi chinyengo chakechake: chiwindi chimamusandutsa carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba, moti munthu amatha kudwala kwambiri atachoka kale pantchito.

Khomo lachiwiri ndi khungu. Mankhwalawa amachotsa mafuta achibadwa a pakhungu, manja n'kuuma, kung'aluka ndi kutuluka zilonda, ndipo m'ming'alumo mumalowa mankhwala ambiri. Apa m'pamene chizolowezi chosamba m'manja ndi petulo chimapwetekera. M'petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Mafuta a ndege zazing'ono, a mtundu wa 100LL ooneka obiriwira ngati thambo, ndi oipa kuposa pamenepa chifukwa akadali ndi mtovu, ngakhale kuti mtovu unachotsedwa m'petulo wa galimoto m'mayiko a kuno kwathu kumayambiriro kwa 2006. Kutsukira zida mafuta amenewa ndi kudzipaka mtovu.

Pali zina zimene si ambiri amazidziwa. Toluene akaphatikizana ndi phokoso la injini kapena galayinda amagonthetsa makutu msanga kuposa phokoso lokha. MEK payekha si woopsa kwambiri ku mitsempha, koma akasakanikirana ndi n-hexane, amene amapezeka m'maguluu ena, amakulitsa mphamvu yake yopha mitsempha ya manja ndi miyendo. Mayi woyembekezera sayenera kukhala pamalo pamene pali nthunzi ya toluene. Mapenti ena osakaniza ndi hardener ali ndi mankhwala a isocyanate amene amayambitsa mphumu yosatha.

Fungo si mlonda wodalirika. Mphuno imazolowera pakapita kanthawi kochepa, munthu n'kumaganiza kuti nthunzi yatha pamene ikuchulukirabe.

Moto

Mankhwala alionse ali ndi mlingo wa kutentha umene amayambira kutulutsa nthunzi yokwanira kuyaka. Palafini ndi white spirit amafuna madigiri pafupifupi 38. Isopropyl alcohol amafuna 12, toluene 4, MEK madigiri 9 pansi pa ziro, ndipo acetone pafupifupi 20 pansi pa ziro. Izi zikutanthauza kuti ngakhale m'mawa wozizira wa mu Juni m'munsi mwa phiri la Mulanje, chitini chotsegula cha MEK kapena acetone chimakhala chokonzeka kuyaka.

Nthunzi ya mankhwalawa ndi yolemera kuposa mpweya, ya acetone kawiri, ya toluene katatu. Siikwera kudenga. Imayenda pansi, imadzaza m'dzenje logwirira ntchito pansi pa galimoto, m'ngalande ndi m'mimba mwa ndege, ndipo ikafika pa ndudu, pa jenereta kapena pamene wina akuwotcherera, moto umabwerera mpaka pachitini. Lita imodzi ya acetone ikauluka yonse imatulutsa nthunzi yoposa malita 300, yokwanira kusandutsa mpweya wa m'kachipinda ka mamita awiri mbali zonse kukhala wophulika. Pothira kuchokera mumgolo wina kupita mu wina pamabadwanso magetsi amene angathethetse, n'chifukwa chake okonza ndege amalumikiza migolo iwiriyo ndi waya ndiponso amalumikiza ndege ndi nthaka.

Mgolo wopanda kanthu ndi woopsa kuposa wodzaza, chifukwa muli nthunzi yosakanikirana bwino ndi mpweya. Owotcherera amene amadula migolo kuti apange mbaula, zitseko kapena zowotchera nyama ayenera kufunsa kaye zimene munali.

Kuwapeza kuli ndi zovuta zake

Ambiri mwa mankhwalawa amachokera kunja, makamaka ku South Africa kudzera ku Tete ndi pa Mwanza, kapena kumadoko a Beira ndi Nacala. Ali m'gulu la katundu woopsa: acetone amayenda ndi nambala ya UN 1090, MEK ndi UN 1193, toluene ndi UN 1294. Sangaikidwe m'chikwama cha munthu wokwera ndege kapena kutumizidwa ngati phukusi wamba. Komanso acetone, MEK ndi toluene ali pa mndandanda wa pangano la United Nations la 1988 loletsa malonda a mankhwala ozunguza bongo, chifukwa amagwiritsidwanso ntchito popanga cocaine ndi heroin, kotero oitanitsa ambiri amafunsidwa zikalata. Ukawonjeza kusowa kwa ndalama zakunja, munthu wofuna malita awiri okha a MEK amatha kudikira nthawi yaitali.

Pamenepa m'pamene chiyeso chimabwerera. Ku Limbe, ulendo wa pa msewu wa Midima, kuli masitolo a penti ndi zitsulo, ndipo m'misika ya m'malire monga Limbuli ndi Muloza thinner amapimidwa m'mabotolo a madzi akumwa kapena a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Wogula sadziwa wopanga, sadziwa msakanizo, ndipo akadwala dokotala alibe poyambira. Maganizo a wolemba nkhaniyi ndi akuti chitetezo chimayambira pogula. Magolovesi ndi masiki amasankhidwa molingana ndi mankhwala, ndiye ngati mankhwalawo sakudziwika, chilichonse chovalidwa ndi chongoyerekeza.

Mankhwala ogulidwa moyenera amabwera m'chitini chake chomata, chokhala ndi dzina la wopanga, nambala ya gulu limene anapangidwira, ndi zizindikiro zochenjeza zokhala m'mabokosi ofiira m'mbali, monga lawi la moto kapena chigaza. Wogulitsa ayeneranso kupereka chikalata cha Safety Data Sheet, chimene chili ndi zigawo 16 zofotokoza zimene zili mkati, chithandizo choyamba, kazimitsidwe ka moto ndi zovala zoyenera. Pa ntchito ya ndege pamafunikanso umboni wakuti mankhwalawo akukwaniritsa mlingo umene buku latchula. Amisiri ang'onoang'ono amene sangathe kugula chigubu chonse angasonkherane n'kugula chimodzi chodziwika, n'kugawana m'zitini zachitsulo zolembedwa bwino.

Pamene akatswiri sagwirizana

Palibe amene amatsutsa kuti nthunzi yochuluka imakomola ndi kupha, kuti benzene ndi trichloroethylene amayambitsa khansa, kapena kuti n-hexane amapha mitsempha. Mkangano uli pa kupuma nthunzi yochepa kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku Denmark, Sweden ndi Finland anafotokoza za opaka penti amene ankaiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kulephera kuika maganizo pa ntchito. Ena ankati kafukufukuyo sanasiyanitse bwino zotsatira za mankhwala ndi za mowa, ukalamba kapena kuchepa kwa maphunziro. World Health Organization inachititsa msonkhano ku Copenhagen mu 1985 kuti pakhale njira imodzi yozindikirira matendawa. Lero ambiri amavomereza kuti matendawa alipo kwa amene anapuma nthunzi yambiri kwa zaka khumi kapena kuposerapo, koma mlingo weniweni umene vuto limayambira ukadali nkhani yokambirana.

Mkangano wina ndi wa kuletsa kapena kuwongolera. Amisiri ena akale amati palibe chimene chimasupula penti ya ndege msanga ngati dichloromethane, ndipo zolowa m'malo mwake, monga zopangidwa ndi benzyl alcohol, zimachedwa makamaka kukazizira. Amati munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi zida, angamugwiritse ntchito bwinobwino. Enanso amayankha kuti malamulo amalembedwa poganizira mmene anthu amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri alibe zidazo. Kwa ife kuno mfundo yachiwiriyi ndiyo yolemera, chifukwa masiki olandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, amene dichloromethane amafuna, sapezeka wamba. Kuchedwa tsiku limodzi kuli bwino.

Za MEK nazo zimasokoneza. Dziko la America linamuchotsa pa mndandanda wa zinthu zoopsa zoipitsa mpweya mu 2005, ena n'kumati ndiye kuti alibe vuto. Chigamulocho chinali chokhudza utsi wa m'mafakitale umene umafika kwa anthu okhala pafupi. Sichinanene kanthu za munthu amene waweramira chitini.

Pali chikhulupiriro chofala pakati pa opopera penti ndi owotcherera chakuti kumwa mkaka ukaweruka kumatsuka chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, pamene nthunzi yadutsa m'mapapo n'kulowa kale m'magazi. Bwana amene amagulira antchito ake mkaka m'malo mokonza mpweya wa m'shedi sanawateteze.

Kagwiridwe koyenera

Choyamba ndi kufunsa ngati mankhwala aukaliwo akufunikadi. Gilisi wambiri amachoka ndi white spirit kapena sopo wovomerezeka pa aluminiyamu, ndipo MEK angasungidwire pamalo pochepa pamene buku lamutchula. Kenaka pabwere mpweya: zitseko zitsegulidwe mbali ziwiri, mmisiri aime kumene mphepo ikuchokera, ndipo pakhale potulukira nthunzi chapansi. Fani wamba ya m'nyumba siyenera, chifukwa mota yake imathetheka. Thirani pang'ono pa kansalu koyera m'malo moviika kansalu m'chitini, tsekani chitinicho nthawi yomweyo, ndipo pukutani ndi kansalu kena mankhwala asanaume kuti litsiro lisabwerere. M'thanki kapena kumchira kwa ndege musalowe munthu popanda wina womudikira panja.

Magolovesi amasiyana. Opyapyala a kuchipatala, a latex kapena a nitrile, MEK ndi acetone amawadutsa m'mphindi zochepa, ndipo akatero amasunga mankhwalawo pakhungu. Pa awiriwa pamafunika a butyl, koma a butyl omwewo salimba pa toluene. Masiki a nsalu kapena a fumbi satchinga nthunzi ngakhale pang'ono. Pamafunika okhala ndi zosefera za makala, ndipo zoseferazo zimatha mphamvu msanga m'chinyontho, choncho zisungidwe m'thumba lomata ndi kusinthidwa pa nthawi yake. Magalasi otchinga maso mbali zonse ndi otchipa poyerekeza ndi diso.

Mankhwala asungidwe pozizira, pamthunzi, kutali ndi mabatire, mabotolo a oxygen ndi feteleza, pamalo pokiyidwa. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi khomo. Pafupi ndi ndege ambiri amakonda cha carbon dioxide chifukwa ufa wa zozimitsira zina umadya aluminiyamu. Madzi amangomwaza moto wa toluene.

Ngozi ikachitika, tulutsani munthuyo panja, koma musalowe m'chipinda chodzaza nthunzi musanatsegule. Diso litsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Mwana kapena wamkulu akamwa thinner, petulo kapena palafini, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa posanza mankhwalawo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Mutengereni msanga ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena chipatala chilichonse chapafupi, mutanyamula chitini kapena botolo.

Zotsala ndi malamulo

Madzi otsukira zida akathiridwa pansi amatsikira m'zitsime ndi m'mitsinje. Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula amamwedwa ndi anthu ochuluka, ndipo madzi a Likhubula amafika mpaka m'mipopi ya ku Blantyre. Zotsala zisungidwe mumgolo wachitsulo wotseka ndi wolembedwa. Zikadikha, zoyera za pamwamba zingatsukirenso zida zakuda, koma osati pa ntchito ya ndege yofuna ukhondo. Chigubu chimene munali mankhwalawa chisasanduke chotungira madzi, chosungira thobwa kapena chotchezera kachasu, ngakhale chitatsukidwa kangati.

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka, kuphunzitsa antchito za zoopsa ndi kuwapatsa zodzitetezera. Workers' Compensation Act ya 2000 imanena za chipukutamisozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Environment Management Act ya 2017 inakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira za chilengedwe, kuphatikizapo zinyalala zoopsa, ndipo chaka chomwecho kunabwera Civil Aviation Act yoyang'anira za ndege. Malamulowa amafika mosavuta kubwalo la ndege ndi m'fakitale ya tiyi. Ku galaja ya pansi pa mtengo, kumene mnyamata wophunzira ntchito ndiye amatumidwa kutsuka zida m'beseni la petulo, safikako kawirikawiri.

Inu amene muli ndi galaja kapena shedi yopopera penti, musalandire mankhwala opanda dzina, ndipo wophunzira ntchito aliyense mumuonetse zizindikiro za pachitini tsiku lake loyamba. Ogulitsa aleke kupimira thinner m'mabotolo a zakumwa. Akuluakulu a khonsolo ya Mulanje ndi a ofesi ya zantchito, poyendera misika ndi magalaja, afunse za zitini zimenezi monga mmene amafunsira za ziphaso.